Bambo wa Ubatizo Wotola Pamsewu

Tchalitchi cha Eliya Woyera ku Stenko chinali chitazolowera maliro. Akhristu ake anali oti n'kudzaza mabenchi atatu atakhala motayana, ndipo ambiri mwa iwo anali atagula kale malo kumanda a kuseri kwa tchalitchi, mayina atalembedwa kale pamwala, kungotsala chaka chomwalira. Choncho zitamveka kuti pa chikondwerero cha Yorodano, tsiku lodalitsa madzi, kukhala ubatizo, a Nastia, mayi wachikulire wa m'tchalitchimo, anachita kutsikira m'chipinda chapansi kukasaka beseni lobatizira. Analipeza litadzaza timababu takufa ta mtengo wa Khirisimasi.

Wobatizidwayo anali khanda la Larysa, mwana wamkazi wa a Metro Hawryluk, amene ankaimba belu ndi kukoleza ng'anjo m'tchalitchimo kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Linali khanda lachitatu la Larysa, koma loyamba kufika kunyumba. Awiri oyambawo anagona pafupi ndi mpanda wa manda, pansi pa timitanda toti chipale chofewa chikagwa chambiri sitioneka n'komwe.

Dzina mwanayo anali nalo, Danylo, koma a Metro anali asanalitchulepo. Ankangoti "mlendo uja". Kumunyamula ndiye ayi. Lero manja ali ndi girisi, mawa akumva ngati chimfine chikubwera, mkuja msana. Zoona zake n'zakuti ankaopa. Awiri aja anawakonda asanabadwe, anawakhomera ndi kabedi komwe, ndipo kabediko kanathera m'shedi ya thirakitala, miyendo m'mwamba. Ulendo uno anaganiza zodikira kaye aone ngati mwanayo wabwera kudzakhala.

"Iwe Metro, mlendo ndi mame," anatero a Nastia, mlongo wawo wamkulu, amene ankawalamulirabe ngati akali ndi mamina. "Ukufuna akamuke? Mwana ali ndi dzina."

"Ndamva, achemwali."

"Wamva chiyani? Tchula."

"Khofi wanu akutayikira pamoto."

A Nastia omwewo ndiwo anakumbutsa za mwambo umene makolo athu anabwera nawo kuchokera kutsidya kwa nyanja pamodzi ndi mbewu ya adyo. Banja likaika ana m'manda motsatizana, silisankha lokha bambo wa ubatizo. Tsiku la ubatizolo kukangoyera, mwamuna wa m'banjamo amakaima pamsewu, ndipo munthu woyamba kukumana naye, bola akhale wobatizidwa, ndi yemweyo. Sumudumpha, iyenso sakana. Amati imfa ikabwera kudzafunsa mwana wa uje imabalalika, poti mwanayo wasanduka wa munthu wongodutsa.

Abambo Taras, wansembe amene ankatumikira matchalitchi angapo ang'onoang'ono ndipo kwathu ankafika msewu ukalola, anati zimenezo n'zikhulupiriro zachabe, Mpingo suzidziwa. Kenaka anafunsa kuti munthuyo afika nthawi yanji. Larysa, namwino wa pachipatala cha m'tauni, amene ankaseka ngakhale mankhwala a adyo a azakhali ake, ulendo uno sanaseke. Anangoti, "Chitani." Wokaima pamsewu anayenera kukhala Trevor, mwamuna wake, koma Trevor si wa mtundu wathu, ndipo anthu anagwirizana kuti ndi ulemu wake uja akhoza kubwera ndi wogulitsa inshulansi. Ntchitoyo inagwera a Metro.

Koma a Metro sanali munthu wosiya zinthu zofunika m'manja mwa Mulungu yekha. Kutatsala tsiku limodzi anaimbira foni a Orest Pidruchny, mlimi wa tirigu wa minda yosaoneka mathero, wopanda mwana, wosadwalapo ngakhale dzino, wochokera kubanja limene anthu ake amafa chifukwa chotopa basi.

"Mawa kukangoyera mudutse pamphambano ya kutchalitchi," anatero a Metro.

"Ndikupita kuti?"

"Kulikonse. Mungodutsa. Mukandiona mudabwe."

"Ndidabwe motani?"

"Monga mudabwira mtengo wa feteleza."

"Aa, zimenezo ndimatha," anatero a Orest.

Kunacha ndi kuzizira kuja komata mphuno ukapuma. A Metro anakoleza ng'anjo, natuluka kukaona mtanda wa ayezi umene amuna anasema kudziwe dzulo lake. Unaima pafupi ndi khomo, utathiridwa madzi a bitiruti mpaka kufiira psuu, ngakhale mkono wake umodzi unali waufupi chifukwa wosemayo ali ndi diso limodzi lodalirika. Atatero anayamba wapansi kupita kumphambano, chipale chikuwafika m'mawondo poti usiku mphepo inali itakwirira msewu.

Anaima. Kumeneko dziko ndi lathyathyathya moti galu wako akathawa umamuonabe mpaka mawa, koma m'mawa umenewo kunalibe kanthu. Panadutsa nkhandwe, koma sinkaoneka yobatizidwa. A Metro anapondaponda pansi, ndevu zikuuma, akutukwana a Orest chamumtima ndi mawu osayenera tsiku la chikondwerero.

Kenaka anamva injini. Mtima unakhala pansi, koma unakhala pang'ono chabe, chifukwa phokosolo silinali la galimoto ya a Orest. Kutali kunkaphethira nyali yachikasu, ndipo nyali imeneyo aliyense ku Stenko ankaidziwa. Inali katapila ya Nestor Bilyk.

Nestor ndiye ankakumba manda onse m'dera lathu. Anali munthu wamtali, wosakwatira, wolankhula pang'ono, ndipo anthu ankati akakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi ndiye kuti akukuyeza. Kuukwati sankamuitana, osati chifukwa chomuda, koma basi, zinkangoiwalika. Odwala akamuona akudutsa ankatseka makatani. M'tchalitchi ankakhala benchi lakumbuyo yekha, ndipo pa zikondwerero ankalawirira kudzakankha chipale pamsewu kuti wansembe adutse. Chaka chilichonse ankatero. A Metro anakonza zonse n'kuiwala chimodzi chokhacho, poti msewu wokonzedwa anthu amauona, koma woukonza samukumbukira.

Anatembenuka msanga n'kuyang'ana kumunda. Anaganiza kuti munthu amene sunamuyang'ane sunakumane naye. Anasunthanso pang'ono n'kuima kuseri kwa chikwangwani cha msewu, chimene chinawabisa mphuno yokha.

Katapila ija inaima. Chitseko chinatseguka.

"Mwadzuka bwanji, a Metro? Mwataya ng'ombe?"

"Ng'ombe ndinagulitsa kale," anayankha a Metro osacheuka.

"Ndiye mukuyang'ana chiyani kumeneko?"

"Nyengo."

"Kunonso iliko."

Injini inkangolira. M'maso mwa a Metro munabwera zimene sankafuna kuziona: m'mawa wina wozizira ngati womwewu, utsi wa mapesi amene Nestor anawotcha kuti nthaka ifewe, kadzenje kokumba ndi fosholo chifukwa katapila inali yaikulu kwambiri, ndi kabokosi koyera m'manja aatali aja.

"Pitirira, Nestor," anatero. "Sindinakuone."

Za mwambowo Nestor ankazidziwa, poti m'tchalitchi cha mabenchi atatu mulibe chinsinsi.

"Inenso sindinakuoneni," anatero. "Ndikanadziwa kuti mwaima kale ndikanazungulira chakumpoto. Musadandaule, a Metro. Ndikanakhala inu, nanenso ndikanayang'ana nyengo."

Anatseka chitseko napitirira, chipale chikugudubuzikira m'mbali. A Metro akanakonda munthuyo akanawatukwana.

A Orest anafika dzuwa litatuluka kale. Anali ataiwala kulumikiza galimoto kumagetsi otenthetsa injini usiku, injini n'kuuma gwa, moti anachita kuiyatsa ndi mapemphero ndi batire ya thirakitala. Anatsitsa galasi, natukula nsidze mpaka kuchipewa.

"Ha! A Metro! Muli pano? Ine kudabwa!"

"Zachedwa zimenezo. Tsegulani ndikwere."

Atafika kutchalitchi anapeza magalimoto angapo atafika kale, ndipo fungo la kabichi wokulunga ndi soseji ya adyo linkachokera m'chipinda chapansi. Larysa anaima pakhonde lamkati, khanda lili m'mabulangete moti silinkaoneka mbali imene kuli mutu. Anayang'ana bambo ake, nayang'ana a Orest amene anali atavala suti yawo ya maliro ndi tayi.

"Ababa, ndani?"

"A Orest. Anangodutsa."

"Ine kudabwa," anawonjeza a Orest.

"Mumakankha chipale mutavala tayi masiku ano, a Orest?"

"Chipale? Ine ayi."

"Ndiye msewu uwu wakonza ndani?" Larysa anayang'ananso bambo ake. "Katapila ndaiona kuseriko. Pamphambano inadutsa bwanji, ababa? Inauluka?"

A Orest anakumbukira mwadzidzidzi kuti akufunika kukathandiza kunyamula mipando, ndipo anatsika masitepe mofulumira kuposa msinkhu wawo.

"Larysa, mwana wanga," anatero a Metro motsitsa mawu, "iwe zimenezi suzikhulupirira n'komwe. Ndiwe namwino."

"Ndine namwino, inde. Ndinasankha dokotala. Ndinasankha chipatala, zakudya, tsiku losiya ntchito, ndinasankha ndi mayina omwe. Kawiri konse ndinasankha bwino, ababa, aliyense anandiyamikira. Ulendo uno ndinafuna pakhale chinthu chimodzi chokha chimene sitinasankhe ife."

"Koma manja amenewo, Larysa. Ndi omwe ananyamula aja."

"Ndikudziwa. Trevor anali nane kuchipatala, inu miyendo inakukanikani pachipata cha manda. Mumafuna anyamule ndani?" Mawu ake sananjenjemere, ndipo zimenezo ndizo zinawapweteka kwambiri a Metro. "Sanawagwetse. Ndipo ndikabwera kuno m'nyengo yozizira ndimapeza kanjira kokafika kumpanda kali koyera. Mumaganiza kuti angelo ali ndi fosholo?"

Khanda linayetsemula m'mabulangete muja, a Metro n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Ngati si iyeyo, lero kulibe ubatizo," anatero Larysa. "Tidalitsa madzi, tidya, tizipita."

A Metro anatuluka. Anazungulira tchalitchi, nadutsa pachipata chija chimene chinawakanika kale, natsata kanjira kopapatiza kongokumbidwa kumene. Kumathero kwake Nestor anali atawerama, akuchotsa chipale pa timitanda tija ndi dzanja, osati ndi fosholo. Atamva mapazi anaweramuka.

"Ndikutha, a Metro. Ndichokapo anthu asanatuluke."

Mwambo umati wopempha avule chipewa n'kuwerama. A Metro anavula chipewa, makutu n'kuyamba kuluma nthawi yomweyo.

"Pamphambano paja ndinakuonani, a Nestor."

"Munkayang'ana nyengo."

"Ndinakuonani. Ndabwera kudzapempha kuti mukhale bambo wa ubatizo wa mwana wa m'nyumba mwathu."

Nestor anayang'ana ovolosi yake ya mafuta a injini, nayang'ana nsapato zake zamatope ouma.

"Sindinavale."

"Mwambo sunena za zovala. Umati simukana. Fulumirani, makutu anga akugwa."

"A Metro," anatero Nestor mwapang'onopang'ono, "ine wamoyo sindinanyamulepo."

"Ameneyu nanenso sindinamunyamulepo. Tiyeni."

Kudalitsa madzi kunachitikira panja, pa mtanda wofiira uja, monga mwa chaka chilichonse. Abambo Taras anaimba mapemphero mwaliwiro lomwe amaimbira kukazizira, naviika mtanda wawo m'chidebe, nawaza anthu madzi amene ankaundana asanatsike pa magalasi a m'maso. Oimba, amene ndi amayi atatu ndi mwamuna mmodzi wogontha, anamaliza nyimbo aliyense nthawi yake. Aliyense anatunga madzi odalitsika m'botolo la jamu kuti akawaze m'nyumba ndi m'khola, kenaka onse anathamangira kung'anjo mwaulemu.

Nkhani inali itafika kale mkatimo. Nestor atalowa, m'malo mokhala benchi lake lakumbuyo, a Metro anamukankhira kutsogolo, ndipo anthu anapatuka kumupatsa njira yotakata kuposa imene inkafunika. Mayi wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda. A Nastia, amene ankathira madzi otentha a m'ketulo m'beseni lija n'kumayesa ndi chigongono, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, monga iye ayang'anira ena.

"Wasamba m'manja?"

"Ndasamba, mayi."

"Kasambenso."

Abambo Taras sanafunse kuti munthuyo wapezeka bwanji, poti Mpingo suzidziwa zimenezo. Anangomufunsa ngati anabatizidwa, Nestor n'kuloza beseni lomwelo. Anamutembenuzira kumadzulo kuti akane Satana m'malo mwa mwanayo. Anthu ambiri pamenepa amangouzira kampweya ndi kuyerekeza kulavula, koma Nestor ndi munthu wosazolowera kuchita ntchito mwatheka. Analavula zenizeni, a Orest n'kusuntha nsapato.

Nsalu yoyera yolandirira mwana amabwera nayo ndi bambo wa ubatizo, ndipo Nestor analibe. A Nastia anayamba kale kulunjika kukhitchini kukatenga yopukutira mbale, koma Larysa anatsegula chikwama chake natulutsa nsalu yopindidwa bwino, m'mapindo mwake mutayamba chikasu. Aliyense anadziwa kuti sinagulidwe chaka chino. Anaifunyulula yekha, nauza Nestor kuti atambasule manja.

Nestor anatambasula. Anawongola manja onse awiri patsogolo, zikhatho m'mwamba, zigongono zitauma, motalikirana ndi chifuwa, monga munthu amanyamulira kanthu kopepuka kamene sikayenera kupendekeka. M'tchalitchimo munalibe amene anali asanaonepo manja amenewo ali choncho. Ng'anjo yokha ndiyo inkathetheka. A Metro anagwira benchi, poti miyendo ija inayambanso khalidwe lake la pachipata, ndipo anafuna kutuluka.

Abambo Taras anavula mwanayo mabulangete, lina pambuyo pa linzake, mpaka anapezeka, kamunthu kofiira kokhala ndi nkhope ya munthu amene wadzutsidwa popanda chifukwa. Anamuviika m'dzina la Atate. Mwanayo anadabwa, kudabwa kwenikweni kumene a Orest sanakufikepo. Anamuviika m'dzina la Mwana, ndipo anakoka mpweya. Pomuviika kachitatu anakuwa mfuu yoti ngakhale woimba wogontha uja anacheuka.

Wansembe anamuika pansalu paja, m'manja owongoka aja.

Mwanayo sanagone. Anapinda msana, naponda m'mwamba ndi timiyendo tonse tiwiri, naterera pansalu yonyowa kulunjika kuchigongono. Nestor, amene anatsitsira m'manda theka la Stenko nkhope yake osasintha, anatuzula maso.

"Akuphupha!" anakuwa. "A Metro! Uyu sakukhala phee! Ndithandizeni, agwa!"

Palibe anaona mmene a Metro anachokera pabenchi. Anangopezeka ali pomwepo, dzanja lina kunsi kwa mutu wa mwanayo, lina likukankha chigongono cha Nestor.

"Pindani manja, inu! Si bokosi ameneyu! Pachifuwa, mumuyandikize pachifuwa. Mutu, gwirani mutu! Danylo, iwe Danylo, taleka kuponda anthu m'tchalitchi. Ndakugwira, Danylo. Agogo akugwira."

Anaima choncho amuna awiriwo, mitu itagundana, wina wa ovolosi wina wa jekete lonunkha utsi, mwana ali pakati akukuwa ndi kuwanyowetsa onse. Nestor misozi inkatsikira m'ndevu, koma analibe dzanja lopukutira. Larysa anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo Trevor sanadziwe ngati mkazi wake akuseka kapena akulira, choncho anangomupatsa mpango n'kumusisita pamsana.

"Girisi uja wachoka, eti," anatero a Nastia, osauza munthu aliyense.

Abambo Taras anadikira ndi kabotolo ka mafuta m'manja. Anatsokomola. Kenaka ananena kuti mwambo sunathe, ndipo zingathandize mmodzi mwa awiriwo atasiya mwanayo kuti amudzoze.

Panalibe amene anasiya.